Mutu Ukakula Sulewa Sizasi

Foni ikalira 5 koloko ya m'mawa isanakwane, dzina lowonekera n'kukhala la amalume, ndimadziwiratu kuti kumudzi kwagwa chinthu. Mwina ndi denga la khitchini, mwina ndi munthu. Amayamba ndi moni wautali, amafunsa za ana mmodzimmodzi, amadandaula za mvula, kenaka amatsokomola pang'ono n'kuponya mwambi wawo uja ngati mwala wa pa legeni: "Mphwanga, mutu ukakula sulewa nkhonya." Akatero, nkhani yotsala ndi yakuti nditumiza zingati.

Ndine mwana wachisamba ndipo ndimagwira ntchito m'tauni. Milandu yanga ndi iwiri yomweyi. Ndinayesapo kuima pagalasi kuti ndione kukula kwa mutu ukunenedwawu, koma chipewa chomwe ndinkavala ndili Fomu 2 chimandikwanabe. Zikuoneka kuti mutu umakulira m'maso mwa abale, mwini wake osamva kanthu.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti mwambiwu unapangidwira ine ndekha, mpaka tsiku lina mnzanga wa kukwaya atanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Chinali chilembo chimodzi chokha, C, chonenepa bwino, chokhala pa golide. M'mimba mwa chilembocho munali Yesu akuweruza, pansi pake akufa akutuluka m'manda. Anachijambula ndi mmonke wa ku Florence, Lorenzo Monaco, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndipo lero chili ku Metropolitan Museum ku New York. Mnzangayo ankafuna ndigome ndi kukongola kwake. Ine maso anga anathamangira m'mphepete. Chilembocho chinachita kudulidwa, mbali zonse zinayi, monga mmene timadulira chithunzi cha pa chiphaso. Mawu amene chinkayamba kulibe. Ndinamva chisoni cha pachibale. Nayu mutu wina umene unakula.

Kuti timvane, tiyambe ndi buku limene mutuwo unachokamo. Masiku amenewo, makina osindikizira asanabwere, kwaya ya amonke inalibe zoti aliyense agwire buku lake. Ankapanga chibuku chimodzi, n'kuchiimika pa gome lalitali pakati pa oimba, onse n'kumawerenga chapatali, ena atasuzumira pa phewa la mnzawo. Amene anaimbapo kwaya ya kumudzi, kumene buku la nyimbo limakhala limodzi ndipo mwini wake akanyanyala pulakatisi imathera pomwepo, palibe chachilendo apa. La nyimbo za pa Misa ankalitcha graduale, la mapemphero a maola antiphonale, ndipo zonse zinali m'Chilatini, chomwe agogo athu achikatolika anachiimbako ku Mua ndi ku Nzama msonkhano wa Vatican wa 1962 mpaka 1965 usanatsegule khomo la zinenero zathu. Kuimbako sikunali kwa Lamulungu lokha ayi. Lamulo la Benedikito Woyera linkati amonke apemphere kasanu ndi kawiri masana ndi kamodzi pakati pa usiku, ndipo masalimo onse 150 athe pa sabata imodzi. Ife tikaitanidwa pulakatisi Lachinayi ndi Loweruka timati kwayamasitala alibe banja.

Mapepala ake anali zikopa za matole, nkhosa kapena mbuzi, zoviikidwa m'madzi a laimu, zopalidwa ubweya, zokungidwa ngati za ng'oma mpaka kuuma. Pa mabuku akuluakuluwa, chikopa chimodzi akachipinda pakati chinkatulutsa mapepala awiri basi. Werengani nokha: buku la mapepala 200, ndiye kuti nyama 100 zagona. Chikuto chinali cha matabwa, chokhomedwa zitsulo m'makona, moti mabuku ena ankanyamula anthu awiri. Pa tsamba pankakhala mizere yofiira inayi inayi, manotsi ake a makona anayi, njira yochokera kwa Guido wa ku Arezzo wa m'zaka za m'ma 1000, amene ndi gogo wake wa do re mi yemwe amatizunza naye akwayamasitala mpaka lero. Amonkewo analinso ndi chiwanda chawochawo, dzina lake Titivillus, chimene ankati chimayendayenda m'kwaya ndi thumba, kutolera zilembo zimene oimba atulo ameza kapena kulumpha, kuti zikakhale umboni pa tsiku la chiweruzo. Chikanabwera ku kwaya yathu, pa mzere wa mabesi pokha chikanafuna ngolo.

Tsono apa ndi pamene ndinayamba kuseka ndekha. Mlembi ankalemba tsamba lonse ndi nthenga ya tsekwe, zilembo zing'onozing'ono zonse, manotsi onse, koma poyambira nyimbo ankasiyapo bwalo lopanda kanthu, n'kuikapo kachilembo kosaoneka bwino kouza wojambula kuti apa pakhale R, apa P. Chilembo choyamba chinkafika pomalizira penipeni. Kodi si mlendo wolemekezeka ameneyu? Mpando wake wa sofa umaikidwa m'mawa, wophimbidwa nsalu yoluka, anthu wamba akhala padzuwa kuyambira 9 koloko, iye amatulukira 2 koloko akunyezimira. Ndipo alipo mabuku ambiri akale amene mabwalo aja anatsala opanda kanthu mpaka lero, kaya ndalama zinatha, kaya wojambula anamwalira. Mlendo wolemekezeka sanabwere. Nyimbo inaimbidwabe, chifukwa panalibe mmonke amene sankadziwa kuti ikuyamba ndi chilembo chanji.

Komatu tisachinyoze chilembo chachikulucho, ntchito chinali nayo. M'tchalitchi cha mdima, pa kuwala kwa kandulo, m'buku lolemera ngati thumba la chimanga, ndicho chinkakuuza kuti wafika. Ukaona A wamkulu kumayambiriro, ndi Lamulungu loyamba la Adiventi. P wa mwendo wautali wotsika m'mphepete mwa tsamba, khanda litagona m'kati mwa mutu wake, ndi Khirisimasi. R wokhala ndi manda otseguka ndi Pasaka. S wodzaza ndi atumwi, nkhunda ikutsikira pa iwo, ndi Pentekoste. Ntchito yake inali yofanana ndi ya mtengo wa mlambe wa pa mphambano, wouza wapaulendo pokhotera.

Kuchiveka kwake ndiye kunali kwa mkwatibwi. Pansi ankayamba kupakapo phala la pulasitala ndi guluu kuti pafufume, likauma wojambula ankapumirapo mpweya wa m'kamwa kuti panyowe pang'ono, n'kuyalapo golide wosulidwa mopyapyala kuposa khoko la anyezi. Kenaka ankakwecha ndi mwala wosalala kapena dzino la galu mpaka awale. Golideyo ankamusula kuchokera ku ndalama zachitsulo, ndipo Cennino Cennini, amene analemba buku la malangizo a ojambula cha m'ma 1400, anadandaula kuti osula ankatulutsa timapepala 145 pa ndalama imodzi m'malo mwa 100. Ndowa yogogoda kunsi sinayambire pa msika wa kwathu. Utoto wa buluu wodula kwambiri unkachokera ku mwala wa lapis lazuli wokumbidwa ku mapiri a Badakhshan ku Afghanistan, ndipo dzina lake, ultramarine, limangotanthauza kuti wa kutsidya kwa nyanja. Nawonso ankakhulupirira kuti chabwino ndi chakunja. Utoto wina ankasakaniza ndi choyera cha dzira, ndipo chikachita thovu, mankhwala ake anali phula la m'khutu. Kunena zoona, kuyambira pamene ndinadziwa zimenezi, ndikaona mngelo wa m'mabuku amenewa ndimayamba kumva kuyabwa m'khutu. Mu 2019 akatswiri analengeza kuti apeza tizidutswa ta mwala wa buluu uja m'mano a mayi wina amene anaikidwa pa nyumba ya masisitere ku Dalheim ku Germany zaka pafupifupi 900 kapena 1,000 zapitazo. Akuganiza kuti ankasongola burashi ndi milomo pojambula. Ena timafa ndi ngongole m'kamwa, iye anapita ndi chuma cha ku Afghanistan.

Nyumba ya amonke ya Santa Maria degli Angeli ku Florence, kumene Lorenzo Monaco ankakhala, inatchuka kwambiri ndi mabuku amenewa. Giorgio Vasari, amene analemba mbiri za amisiri mu 1550 n'kuziwonjezera mu 1568, akusimba kuti Papa Leo X atawaona anawasirira, ndipo chimene chinawapulumutsa n'chakuti nyimbo zake zinali za mwambo wa amonke a Camaldoli, wosiyana ndi wa ku Roma. Akusimbanso kuti amonkewo anasunga dzanja lamanja la mlembi wawo, Don Jacopo, pamodzi ndi la wojambula, Don Silvestro, m'kabokosi kolemekezeka. Vasari anali munthu wokonda kukometsera nkhani, koma imeneyi ndimaikhulupirira ndi mtima wonse, chifukwa abale ndimawadziwa. Tsiku limene ndidzatsikire kuli chete, sindikukayika kuti padzakhala wina wopempha kuti asungeko chala changa chachikulu cha kumanja, chimene chimadina nambala yachinsinsi potumiza ndalama.

Kwa zaka mazana anayi mitu ija inakhala pamalo pake. Nkhonya inabwera ndi nkhondo za Afalansa. Mu 1798 asilikali awo atalowa mu Roma, mabuku a Misa a apapa a ku Sistine Chapel anafunkhidwa. M'zaka za Napoleon nyumba zambiri za amonke ku Italy zinatsekedwa, katundu wake n'kumwazika. Ndiye taganizani ndinu wamalonda, patsogolo panu pali chibuku cholemera, cha nyimbo zimene ogula anu a ku London, Apulotesitanti, saimba, m'chinenero chimene safuna kupempheramo. Chimene akufuna ndi kachithunzi kopachika pakhoma. Wansembe wina, Luigi Celotti, amene anasanduka wogulitsa zinthu zakale, anaona msanga pamene pali ndalama. Zithunzi ndi zilembo zodulidwa m'mabuku a apapa aja anazikonza bwino, zina n'kuzimata pamodzi ndi timaluwa ta m'mphepete mwa masamba ena kuti zioneke ngati chithunzi chathunthu, ndipo pa 26 Meyi 1825 zinagulitsidwa pa okushoni ya Christie's ku London. Msika unatseguka. Mabuku a ku Santa Maria degli Angeli amene anatsala ali ku laibulale ya Laurenziana ku Florence, ena ali operewera masamba, pamene mitu yojambulidwa ndi Don Silvestro ili ku London, ku Cambridge, ku New York, ngati ana a mayi mmodzi amene anapita kukasaka maganyu.

Odulawo sikuti onse anali akuba. John Ruskin, katswiri wa zaluso wolemekezeka ku England konse, analemba m'buku lake la zochitika tsiku ndi tsiku mu 1854 kuti madzulo ena anawathera kudula buku la Misa, n'kudandaulanso kuti ntchitoyo inali yotopetsa. Pepani bambo, mwatopa. Otto Ege wa ku Cleveland ku America, amene anamwalira mu 1951, ankaphwasula mabuku akale n'kumagulitsa tsamba limodzilimodzi, ndipo ankanena poyera kuti akuchitira anthu chifundo, kuti ambiri agwireko chinthu chakale m'manja mwawo. Maganizo amenewa timawadziwa. Ng'ombe ikathyoka mwendo kumudzi imagulitsidwa m'milu kuti aliyense alaweko. Buku linayamba ngati khola la ng'ombe, linathera pa butchala.

Musaganize kuti sizasi ya Celotti inachita dzimbiri. Ili m'thumba mwa aliyense wa ife, ndipo imafuna bandulo basi. Pa gulu la WhatsApp la banja lathu, azakhali anga ndiwo Celotti wamkulu. Amajambula mutu wa nkhani wokhawokha, wa zilembo zikuluzikulu zofiira, n'kuuponya pagulu usiku. Nkhani yake ili kuti? Kaya. Inalembedwa liti, dziko liti? Zimenezo n'zilembo zing'onozing'ono, zimadya bandulo. Pofika m'mawa anthu makumi atatu akangana, awiri atuluka pagulu, wina watumiza pemphero. Tsiku lina ndinaifufuza nkhani ina yomwe inatisowetsa tulo, ndinapeza kuti ndi ya zaka zisanu zapitazo, ndiponso ya dziko lina. Nditanena pagulupo, anandiyankha kuti ophunzira mumavuta. Ngakhale chithunzi cha C chija, mnzanga uja anachitumiza chopanda mawu alionse, chodulidwa kachiwiri.

Anthufenso tayamba kudzijambula tokha ngati masamba a graduale. Onani khadi la ukwati kapena chikwangwani cha msonkhano wa chitsitsimutso: Olemekezeka, Dokotala, Mtumwi, Mneneri Wamkulu, zonsezo za golide, dzina limene mayi ake anamupatsa lili kumapeto, laling'ono ngati manotsi. Ndiye munthu yemweyo azidabwa kuti n'chifukwa chiyani makalata a Pepa Sande amamupeza ngakhale atasamuka nyumba. Mwadzipaka golide nokha, achimwene, a komiti ali ndi maso. Iwo safuna nyimbo yanu yonse, za ngongole ya kubanki, za fizi ya ana, za galimoto imene yakhala pa mawe miyezi itatu. Amadulapo chilembo choyamba chokha n'kuchikhazika kutsogolo. Pa perekaniperekani mwini maikolofoni amayamba ndi inu, amatchula maudindo onse mosaphonya, nyimbo n'kuikidwa yaitali dala, inu mukuvina ndi kumwetulira kwa munthu amene akuwerengera mumtima ndalama ya minibasi yobwerera.

Mpaka apa mwambi wa amalume ukuoneka kuti wapambana. Koma nditafunsa kuti nanga zilembo zing'onozing'ono zija zinapita kuti, nkhani inatembenuka. Masamba opanda zithunzi, amene ndiwo anali ndi nyimbo yeniyeniyo, ambiri anatayidwa. Kuyambira kale zikopa za mabuku otha ntchito ankazidula n'kukutira mabuku ena kapena kuziwiritsa kuti apange guluu, ndipo m'zaka za m'ma 1900 masamba a mabuku a kwaya ankawasandutsa zophimbira nyale za m'nyumba za anthu olemera. Pamene mutu uja, wolandira nkhonya uja, lero uli m'galasi, m'chipinda chozizira bwino, kuwala kwake koyeza, mlonda ataima pakhomo, alendo akuyenda monyang'ama. Ndiye anamenyedwa ndani pamenepa? Mwambi uja unangotchula za nkhonya, sunanene kuti tchire likapsa mlambe umatsala chiimire, udzu ndiwo umasanduka phulusa. Mwina n'chifukwa chake mitu yambiri imene ndikuidziwa imadandaula za nkhonya pakamwa pokha, koma ukati tsika pampando tikhazikepo wina, imagwira mpandowo ndi manja awiri.

Chimene mutuwo unataya ndi mawu. R payekha saimbika. Yesani, mumveka ngati njinga yamoto ya kabaza imene yakana kulira. Wakhala m'galasimo zaka zambirimbiri kukamwa kuli yasa, akuyamba nyimbo imene sikubwera. Izi ndinazimvetsa bwino pa maliro ena kumudzi chaka chatha. Nditangofika anandilanda chikwama, n'kundikhazika pa mpando wa pulasitiki pamthunzi, pambali pa amfumu, botolo la madzi ogula lili pansi pa mpando. Anzanga amene ndinkasaka nawo mbewa anali kumanda ndi makasu, adzukulu, fumbi lili mbuu, akuseka zawo. Amayi anali m'nyumba ya siwa akuimba. Polengeza chipepeso dzina langa linatchulidwa poyamba, anthu n'kung'ung'udza mokhutira. Kenaka nyimbo inayambika, imene ndinkaiimba ndili mwana. Mzere woyamba ndinaulowa mwamphamvu, ndi besi yense. Pofika vesi yachiwiri ndinapezeka ndikungotsegula pakamwa ngati chambo cha pa msika. Titivillus akanakhalapo tsiku limenelo, thumba lake likanadzaza pa mpando wanga womwewo.

Masiku ano kuli akatswiri amene ntchito yawo ndi kubwezera mitu imeneyi kwawo. Sangaimate, popeza ina ili ku America, ina ku Ulaya, ndipo aliyense waumirira chake, koma amaisonkhanitsa pa kompyuta. Ku Yunivesite ya Fribourg ku Switzerland anatsegula mu 2017 nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa Fragmentarium, ya zidutswa zokhazokha. Njira yawo ndi imene inandigwira mtima. Akafuna kudziwa kumene chilembo chinachokera, golide uja sathandiza kwenikweni. Amachitembenuza. Kumbuyo kwake kumakhala zotsalira za tsamba linalo: theka la liwu, manotsi atatu, mizere yofiira yodukira panjira. Amayeza kutalikirana kwa mizereyo, amawerenga timawu todukato, n'kuzindikira kuti iyi ndi nyimbo ya tsiku lakutilakuti, ndiye kuti chilembochi chinali pa tsamba lakutilakuti la buku lakutilakuti. Zilembo zonyozeka zija, zimene sizasi inangozitengera limodzi mwangozi, ndizo zimanena kwawo kwa bwana. N'chimodzimodzi nkhalamba za kumudzi, zimene ukazipatsa khadi lako la kuntchito zimaliyang'ana mozondotsa, n'kukufunsa kuti kodi paja ndiwe mwana wa yani, mfunda wako ndani.

Zonsezi ndinaganiza zowafotokozera amalume, kuti nawonso adziwe kuti mwambi wawo uli ndi mbali imene sanaione. Ndinawaimbira ine, ndi mayunitsi anga. Ndinayamba ndi amonke, ndinafika pa dzino la galu, pa Celotti, pa zophimbira nyale. Anamvetsera mwachidwi chimene sindinachiyembekezere, akungoti "eya, eya," mwa apo ndi apo "kodi!" Nditamaliza panakhala kachetechete.

"Mphwanga, wati buku limodzi nyama zingati?"

"Mwina 100, amalume."

"Ndiye nyama yakeyo ankadya ndani?"

Ndinavomera kuti funso limenelo sindinaliganizire.

"Anthu a mwayi," anatero, n'kutsokomola pang'ono. "Ife kuno pa chiliza cha agogo ako tikungofuna mbuzi ziwiri zokha. Zikopa ukatenga ndiwe, ulembepo nyimbo zakozo. Koma zifike Lachisanu lisanakwane."

Ndinayang'ana chala changa chachikulu. Chinali chitayamba kale kudina.